Moto ukauwonjezera, dikira uyankhe: za fuzzy controller ya makina okazingira nshawa

Pafakitale ina yopanga chiponde kuno ku Chipata, nshawa zinkatuluka m'makina okazingira zili ndi zipsera zakuda pakhungu, koma ukaziswa mkati zili mbuu. Chiponde chake chinkasiya kuwawa kumapeto kwa lilime. Nambala ya kutentha pa sikirini inali yosakhazikika: itsike kufika 152, ikwere mpaka 168, itsikenso, ulendo umodzi mphindi ngati zinayi. Kutentha kofunika, komwe pa sikirinipo amalemba kuti setpoint, kunali madigiri 160.

Makinawo ndi dramu yaitali yozungulira, moto wa gasi pansi pake. Nshawa zimalowa mbali ino kuchokera m'hopa, zimatulukira mbali inayo. Mkati muli thermocouple ya mtundu wa K, sensa yoyeza kutentha, yobisika m'kachubu kachitsulo. Valavu ya gasi imayendetsedwa ndi kamota, ndipo imamvera PLC, kakompyuta koyendetsa makinawo, kudzera pa waya wa 4 mpaka 20 mA. M'PLC mo ndimo muli fuzzy controller, pulogalamu yosankha kuwonjezera kapena kuchepetsa gasi potsatira malamulo 25.

M'mawa wina mu June, mnyamata wa zamagetsi anali atatsegula tebulo la malamulo aja pa laputopu, akufuna kuyamba kuwalemba mwatsopano limodzi limodzi. Mdala amene amayendetsa makinawo anamuyang'ana kanthawi.

“Mwana wanga, tayamba waichotsa pa auto.”

“Amdala, ikakhala pa manual sitiona chomwe chikuvuta.”

“Tiona. Valavu uiike pa 50 peresenti, ndipo manja m'thumba.”

Patatha mphindi ngati 15 nambala inaima pa 161, osagwedezekanso. Mdala uja anangoti, “Moto ukauwonjezera umadikira uyankhe. Makina akowa sadikira.” Pa malamulo 25 aja panalibe lolakwika ndi limodzi lomwe.

## Chimene manual imaulula

Kuika pa manual, kutanthauza kuchotsa valavu m'manja mwa controller, ndiwo mayeso oyamba, ndipo sikudya ndalama. Valavu ikaima malo amodzi kutentha n'kumapitirizabe kusewera, vuto lili kunja kwa controller. Mwina regyuleta ya gasi yatopa. Mwina thanki yazizira kwambiri, chifukwa gasi akamatuluka wambiri m'chisanu cha June thanki imachita thukuta kapena madzi oundana kunja ndipo mphamvu ya gasi imatsika. Mwinanso nshawa zikulowa modukizadukiza.

Kusewerako kukatha, mlandu uli pakati pa sensa, controller ndi valavu. Yambani ndi valavu. Ilamuleni 50, kenaka 51, kenaka 52, maso ali pa mkono wake. Ikamakana kusuntha mpaka pa 53 kenaka n'kudumpha kamodzi, ndiye kuti ikumatirira, ndipo palibe nambala iliyonse ya m'kompyuta imene ingachize zimenezo. Imafuna sipanala ndi girisi.

Valavu ya pamakina aja inali bwino. Chinapezeka n'chakuti chisanu chitayamba, wina anadandaula kuti dramu ikuchedwa kutentha m'mawa, ndiye nambala imodzi yokha inakwezedwa kufika pa 2. Dramu inayambadi kutentha msanga. Walira mvula walira matope.

Mwina mungafunse kuti madigiri 8 okha uku ndi uku angapsereze bwanji nshawa zimene zimakhala m'dramu nthawi yaitali. Sensa imamva mpweya wa mkati, ndipo imamva mochedwa. Valavu inkayenda pakati pa 25 ndi 75 peresenti, choncho chitsulo cha pamwamba penipeni pa moto chinkatentha ndi kuzizira koposa zomwe sikirini inkaonetsa. Nshawa yogunda pamenepo moto uli pa 75 ndiyo inkatenga chipsera.

## Mkati mwa bokosi

Mayi wokazinga nshawa pa phale satchula madigiri. Amaona kuti kwatentha pang'ono koma kukukwera msanga, n'kusolola chikuni chimodzi. Fuzzy controller ndi nzeru yomweyo yolembedwa m'masamu. Masamuwo anawayambitsa Lotfi Zadeh mu 1965. Cha m'ma 1974 ndi 1975, Ebrahim Mamdani ndi Sedrak Assilian ku Queen Mary College ku London anayendetsa nawo kainjini ka nthunzi pogwiritsa ntchito malamulo a mawu. Kenaka njirayi inalowa m'ng'anjo za simenti ku Denmark, ndipo mu 1987 inayamba kuyendetsa masitima apansi pa nthaka ku Sendai ku Japan.

Controller ya makina athuwa imayang'ana zinthu ziwiri masekondi 5 alionse: mpata wa pakati pa setpoint ndi kutentha kwenikweni, ndi mmene mpatawo wasinthira kuchokera pomwe inayang'ana komaliza. Chilichonse chagawidwa m'magulu asanu. Pa mpata, maguluwo ndi pansi kwambiri, pansi pang'ono, pabwino, pamwamba pang'ono, pamwamba kwambiri, ndipo nsonga zake zili motalikirana madigiri 10. Kutentha kukakhala 154, mpata ndi 6, ndiye controller imati kuli pansi pang'ono ndi gawo 0.6, kuli pabwino ndi gawo 0.4. Malamulo a magulu awiri onsewo amalankhula, mayankho awo n'kusakanizidwa molingana ndi kulemera kwake.

Yankho lotulukalo si malo oti valavu iime. Ndi kuchuluka koti iwonjezere kapena ichepetse pamene ilipo kale. Mfundo imeneyi isungeni, ibweranso.

Malamulo sadziwa madigiri kapena peresenti. Amadziwa manambala a pakati pa -1 ndi 1 basi. Ndiye pakhomo lolowera pali masikelo awiri, GE wa mpata ndi GCE wa kusintha kwa mpata, ndipo potulukira pali GCU. Ntchito yambiri yokonza fuzzy controller ili pa manambala atatu amenewa. GCU ndiye uja anakwezedwa kufika pa 2.

## Yezani dramu kaye

Simungasankhe masikelo musanadziwe khalidwe la makina. Nshawa zikulowa mwa nthawi zonse, makina ali pa manual, kutentha kwakhazikika, sunthani valavu kamodzi n'kuisiya. Pa chokazingira ndi bwino kutsitsa kusiyana ndi kukweza, chifukwa nshawa zosapsa mumazibwezamo, zopserera mumataya. Lembani kutentha masekondi 5 alionse mpaka kukhazikikenso.

Pamakina aja valavu inatsitsidwa kuchoka pa 50 kufika pa 45. Kwa masekondi 40 nambala sinasunthe n'komwe. Nthawi imeneyi amaitcha dead time, ndipo ndiyo mdani wamkulu. Kenaka kutentha kunatsika pang'onopang'ono kuchoka pa 161 mpaka kukaima pa 146. Madigiri 15 pa 5 peresenti, ndiye kuti peresenti iliyonse ya valavu imagula madigiri 3. Nambala yachitatu ndi nthawi yomwe kutentha kumatenga kuti kuyende 63 peresenti ya ulendo wake, apa ndi kufika cha pa 151.5. Kunafika patatha masekondi 340, tikachotsa 40 aja patsala 300.

Manambala ndi amenewo: 3, 40 ndi 300. Pamakina anu adzakhala ena, ndipo ngakhale pamakina omwewo amasintha dramu ikakhala yopanda kanthu, n'chifukwa chake mayesowa amachitika nshawa zilimo.

## Masikelo atatu

Njira yosavuta ndi kuwerengera kaye ngati mukukonza PI wamba, controller imene imayankha kukula kwa mpata (P) ndi kuunjikana kwake pakapita nthawi (I, kapena integral), kenaka kusamutsira zotsatira ku fuzzy. Ambiri anaphunzira njira ya Ziegler ndi Nichols ya mu 1942. Pa manambala athuwa imapereka mphamvu ya 2.25, kutanthauza peresenti 2.25 ya valavu pa digiri iliyonse ya mpata, ndipo inapangidwa movomereza kuti kutentha kupitirire setpoint n'kubwerera kangapo kusanakhazikike. Pa nshawa ine sindiikonda. Njira ya Sigurd Skogestad ya mu 2003 ndi yofatsa: gawani 300 ndi zotsatira za 3 kuchulukitsa ndi 80, pomwe 80 ndi dead time kawiri. Mupeza 1.25, kutanthauza peresenti 1.25 ya valavu pa digiri iliyonse. Nthawi ya integral mumatenga chochepa pakati pa 300 ndi dead time kasanu n'katatu, yomwe ndi 320. Ndiye 300.

Tsopano kusamutsa. GE mumasankha nokha poona mpata waukulu umene mukufuna controller iziusiyanitsa. Tati madigiri 20, ndiye GE ndi 1 kugawa ndi 20, yomwe ndi 0.05. GE kuchulukitsa ndi GCU kuyenera kufanana ndi 1.25 kuchulukitsa ndi masekondi 5 kugawa ndi 300, yomwe ndi 0.0208. Choncho GCU ndi 0.42. Pomaliza, GCE kuchulukitsa ndi GCU kuyenera kupereka 1.25 ija, ndiye GCE ndi 3.

Onani tsopano chimene 2 uja anachita. Kuchulukitsa GCU ya 2 ndi GCE ya 3 kumapereka mphamvu ya 6. Makina a manambala awa amayamba kugwedezeka osasiya mphamvu ikafika cha pa 4. Controller inkawonjezera gasi, osaona yankho chifukwa masekondi 40 sanakwane, n'kuwonjezeranso kasanu n'katatu yankho loyamba lisanafike. Pomwe limafika, gasi wachuluka kale, ndiye kuyamba kuthamangira mbali inayo.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale odziwa bwino PID, yomwe ndi PI yokhala ndi gawo lachitatu, D, loyang'ana liwiro la kusintha kwa mpata. Akaona mawu oti kusintha kwa mpata, amaganiza kuti GCE ndi D ya PID, ndiye amaikweza kuti makina adekhe. Koma paja yankho la controller iyi limawonjezeredwa pa zomwe zilipo kale. Chifukwa cha zimenezo GCE imagwira ntchito ya P, ndipo GE imagwira ntchito ya I. Mukakweza GE, kutentha kumapitirira setpoint mozengereza n'kubwerera mozengerezanso. Mukakweza GCE mopitirira, kumagwedezeka mofulumira. GCU imakweza zonse ziwiri pamodzi.

Masamu onsewa amagwira ngati tebulo la malamulo lili loongoka pakati, kutanthauza kuti yankho limafanana ndi zolowa ziwiri zija zitaphatikizidwa. Yesani pa laputopu: lowetsani 0.2 ndi 0, muone chotuluka. Chikakhala pafupi ndi 0.2 zili bwino. Chikakhala 0.3, tsitsani GCU ndi gawo limodzi mwa atatu. Ndipo musakopeke ndi kuchepetsa gulu la pakati kuti controller “imve msanga”. Kumeneko n'kukweza mphamvu mwakabisira, pamalo pomwe makina amakhala tsiku lonse.

## Valavu ikamanjenjemera

GCE ya 3 ikutanthauza kuti kusintha kwa digiri 0.33 m'masekondi 5 kumadzaza kale sikelo yonse. Sensa ikangophethira ndi 0.1, controller imaona ngati kutentha kwayamba ulendo. Ikamaphethira ndi 0.3, kamota ka valavu kamapita kutsogolo ndi kumbuyo tsiku lonse mpaka magiya ake atadyeka.

Yambani ndi waya. Wa thermocouple asayende m'chitoliro chimodzi ndi wa mota ya dramu, makamaka ngati motayo ili pa inverter, chipangizo chosinthira liwiro lake. Akafupika musalumikize ndi waya wa kopa wamba, pamafunika waya wake wa mtundu wa K, apo ayi polumikizirapo pamabadwa kusiyana kumene kumasintha ndi kutentha kwa m'chipinda. Zikatha izi, ikani mu PLC fyuluta ya masekondi 8 kapena 10 yosalaza kuphethira kwa sensa. Koma fyuluta si yaulere: imachedwetsa uthenga, ndiye muiwerengere pa dead time. Masekondi 40 akakhala 50, 1.25 ija imatsika kufika pa 1.0, masikelo n'kuwerengedwanso. Muthanso kuuza PLC kuti isasunthe valavu mpaka zosintha zitaunjikana kufika theka la peresenti.

## Malamulo, pomaliza

Munthu angafunse kuti ngati zonse tikuziwerengera ngati PI, fuzzy ndi yantchito yanji. Funsolo ndi labwino. Tebulo loongoka ndi PI yovala jekete basi. Phindu la fuzzy lili m'makona a tebulo, pomwe mungalembe zimene PI singathe.

Chokazingira chili ndi moto koma chilibe choziziritsira. Chimakwera ndi gasi, chimatsika ndi kudikira kokha. Ndiye malamulo a pamwamba ndipo kukukwerabe ayenera kudula gasi mwaukali kuposa mmene anzawo a pansi amawonjezerera. Lamulo la pansi kwambiri koma kukukwera msanga lingathe kunena kuti usawonjezere kanthu, moto womwe uli panjira ukwanira. Awa ndi malamulo ofunsa kwa mdala woyendetsa makina, chifukwa iye ndiye amadziwa pomwe amayamba kuchepetsa.

Sinthani lamulo limodzi, yesani, lembani, kenaka lina. Apakati asiyeni. Mukasintha, jambulani chithunzi cha tebulo lonse pa kompyuta muone ngati chikutsetsereka mbali imodzi. Pakakhala kadzenje kapena kachulu, pali malo pomwe kutentha kukukwera controller n'kumawonjezera gasi. Onaninso kuti magulu oyandikana akudutsana pa 0.5. Pakakhala mpata pakati pawo, pali nambala ina yomwe palibe lamulo loyankha, ndipo posakaniza mayankho PLC imapezeka ikugawa ndi ziro.

Ena amafuna kuwonjezera cholowa chachitatu, monga liwiro la fida, yomwe imalowetsa nshawa m'dramu. Magulu asanu katatu ndi malamulo 125, ndipo palibe amene adzawakumbukire chaka chamawa. Chapafupi n'chakuti fida ikaima, PLC ichotse gasi wodziwika nthawi yomweyo osadikira sensa, fida ikayamba imubwezere. Ikaninso malire: valavu isatsike kupitirira pomwe wopanga burner, choyatsira motocho, analemba kuti moto suzima, ndipo ikafika pamalire controller isapitirize kuunjika manambala mkati, chifukwa idzachedwa kubwerera.

## Mudziwa bwanji kuti zayenda

Mzere woongoka pa sikirini masana a tsiku labwino si umboni. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Controller imayesedwa poisokoneza dala.

Kwezani setpoint ndi madigiri 5, dikirani, tsitsaninso. Mbali ziwirizi sizifanana. Imitsani fida mphindi ziwiri ngati kuti hopa yatha, kenaka yatsani. Awa ndiwo mayeso enieni, chifukwa setpoint imasinthidwa kamodzikamodzi pomwe hopa imatha tsiku lililonse. Bwerezani zonsezi m'mawa wa June ndi masana a October, komanso ndi nshawa zosiyana. Zikuluzikulu ngati Chalimbana sizimwa moto ngati zing'onozing'ono, ndipo zongokolola kumene zimakhala ndi chinyezi chochuluka kuposa zomwe zagona m'nkhokwe miyezi inayi. Madzi amenewo amadya moto nshawa isanayambe kupsa.

Pa mayeso alionse lembani madigiri omwe kwapitirira setpoint, ndi nthawi yomwe kwatenga kuti kukhale mkati mwa madigiri 2. Werengeraninso IAE: masekondi 5 alionse tengani mpata, osasamala kuti uli pamwamba kapena pansi, chulukitsani ndi 5, phatikizani zonse kwa mphindi 20. Kugwedezeka kwa madigiri 8 uku ndi uku kumapereka cha pa 6,000. Kwa digiri imodzi sikufika 800. Pali ISE imene imalanga kwambiri mipata ikuluikulu, ndi ITAE imene imalanga yochedwa kutha, koma zonsezi zimaona pamwamba ndi pansi mofanana, pomwe nshawa sizitero. Ndiye padera werengani masekondi omwe kutentha kwakhala pamwamba pa 165.

Nambala imene ambiri amaiwala ndi ulendo wa valavu. Phatikizani kusuntha kwake konse pa ola. Ija yoyenda pakati pa 25 ndi 75 mphindi zinayi zilizonse inkayenda 1,500 peresenti pa ola. Makonzedwe awiri akafanana pa IAE, sankhani osuntha valavu pang'ono.

Kenaka chitani chimene ogulitsa makina sakonda: ikani PI wamba ya 1.25 ndi 300 mu PLC yomweyo, muiyese mayeso omwewo tsiku lomwelo. Fuzzy ikapambana pa kuima kwa fida ndi pa masekondi a pamwamba pa 165, isungeni. Ikapanda kupambana, PI ndi yabwino, chifukwa wa zamagetsi aliyense wochokera ku koleji amaidziwa, pomwe tebulo la malamulo 25 limadziwika ndi amene analilemba.

Woweruza womaliza ndi nshawa. Tapani pang'ono mphindi 10 zilizonse, sendani, perani, ikani m'timabotolo motsatana muone mtundu wake pa kuwala kwa dzuwa. Lembaninso makilogalamu a gasi pa tani imodzi. Chinthu chimodzi chokha musachiyembekezere kwa controller ngakhale itakhala yabwino bwanji: kukazinga sikuthetsa aflatoxin, poizoni wa chuku. Nshawa zachuku zimachotsedwa posankha, zisanafike m'hopa.

## Malaiti akazima, ndi dandaulo la m'mawa lija

Amene anagwira ntchito pafakitale mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti malaiti amapita dramu ili yodzaza. Dramu imaima, nshawa zimagona pa chitsulo chamoto. Apa fuzzy ilibe mawu. Valavu yotsekera gasi iyenera kukhala ya mtundu wodzitseka yokha magetsi akachoka. Chodziwira ngati moto wazima, ndi chodulira gasi kutentha kukapyola malire, zikhale ndi sensa zawozawo ndi waya wawowawo, osadutsa mu controller.

Jenereta ikalira, PLC isayambire pa nambala ya valavu yomwe inasiyira. Dramu iyambe kuzungulira kaye, mpweya upite m'chipinda cha moto kuchotsa gasi wotsala, moto uyatsidwe pansi, ndiye controller ilandire ntchito kuyambira pomwe valavu ili nthawi imeneyo, osadumpha.

Njira yomweyi ndiyo imayankha dandaulo limene linabala vuto lonse. Ndi GCU ya 0.42, valavu singayende kuposa 5 peresenti pa mphindi, ndiye kuchoka pansi kufika pa 50 ndi mphindi 10. M'mawa wozizira zimenezo zimatopetsadi. Mankhwala ake ndi kadongosolo koyambira: valavu iime pa 60 dramu ikuzungulira, kutentha kukafika madigiri 15 pansi pa setpoint PLC iitsitse pa 50, kenaka ipereke kwa fuzzy. Dramu imatentha msanga, GCU osakhudzidwa.

Mkati mwa chitseko cha panelo matanimo pepala lokhala ndi 3, 40, 300, masikelo atatu aja, ndi tsiku lomwe munayeza. Tsiku limene thermocouple idzapse n'kubwera ina ya kachubu kokhuthala, kapena wina adzaisunthire kumapeto kwa dramu, sensa idzayamba kumva mochedwa kuposa masekondi 40 aja. Kuyezanso kumatenga theka la ola ndi nshawa zochepa zobwezamo.